Mlandu umene mita siwerenga

Magetsi ambiri amene amazunguza chigayo pa Champhira, kufupi ndi Jenda, amachokera kutali, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire. Akafika, si onse amene amagaya chimanga. Mota ya chigayo imakoka magetsi ena ongopangira mphamvu ya maginito mkati mwake, ndipo amenewa amangopita ndi kubwerera m'mawaya ngati ngolo yopanda katundu imene ikupanikizabe msewu. Amatenthetsa mawaya, amalemetsa thiransifoma, ndipo magetsi amafika ofooka kwa amene ali kumapeto kwa laini.

Amisiri amayeza zimenezi ndi nambala yotchedwa power factor. Ikakhala 0.7, makina ogwira ntchito ya 70 kW amafuna 100 kVA kuchokera ku ESCOM. Ikakwera kufika 0.95, ntchito yomweyo imangofuna pafupifupi 74 kVA.

Mankhwala ake ndi makapasita, amene amapereka magetsi a maginito aja pompo, pafupi ndi mota. M'mafakitale amawaika m'bokosi limodzi ndi kachipangizo kowalamulira. Kachipangizoko kamayeza magetsi nthawi zonse, kamalumikiza makapasita ena ntchito ikachuluka, n'kuwachotsa makina akazima, chifukwa makapasita otsala okha usiku amakweza voteji mopitirira muyezo. Munthu ataima pafupi ndi bokosilo amamva kuti "kha!" gulu lina la makapasita likalowa, nambala n'kusintha pa kagalasi.

Fakitale yaikulu siifuna mlaliki pa nkhaniyi, poti ESCOM imailipiritsa potengera kVA ndipo bilu yokha imaiphunzitsa. Koma wamalonda amene amangogula mayunitsi salipira kanthu pa katundu amene wasenzetsa anzake. Kodi ali ndi mlandu pa chinthu chimene sachiona, sanachifune, ndipo mita siichiwerenga?

Akhristu a dera la Champhira, kum'mwera kwa Mzimba, kumene Donald Fraser anatsegula mishoni ya Embangweni mu 1902, ali ndi poyambira. Levitiko 4 amanena za munthu wolakwa mosadziwa, ndipo amati akadzazindikira ayenera kukonza. Kusadziwa kumachepetsa mlandu, koma mnansi amene firiji yake ikulephera kuzizira wapwetekedwa ndithu. Deuteronomo 22:8 amapita patsogolo: womanga nyumba aike kampanda padenga munthu asanagwe. Udindo uli pa womanga, pa tsiku lomanga.

Apa mlanduwo ukuchoka kwa mwini chigayo yekha. Iye anagula mota ndi ndalama za fodya kapena za mwana wake wa ku Joni, ndipo mwina palibe anamuuzapo za makapasita. Amene amadziwa ndi wogulitsa mota ndi mmisiri woilumikiza. Chigayo cha mota imodzi sichifunanso bokosi lodula lija. Kapasita yoyezedwa bwino, yoyaka ndi kuzima pamodzi ndi motayo, imakwanira. Mmisiri akasiya kutchula zimenezi poopa kuti kasitomala athawa mtengo, wasankhira mudzi wonse osaufunsa.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW, ndipo aliyense anaona kuti magetsi ndi a tonse komanso ndi operewera. Makapasita sangabweze mphamvu yotayika chotero, koma amapeputsa thiransifoma imene chigayo, wowotcherera zitsulo, wometa ndi sukulu akugawana. Pamene pulogalamu ya magetsi akumidzi ya MAREP ikufikitsa magetsi m'misika yatsopano, mota zambiri zikulumikizidwa koyamba, ndipo kuika kapasita tsiku lomwelo n'kosavuta kusiyana ndi kudzabwereranso thiransifoma itapsa.