Shileni ya Siliva ndi Sikelo ya Wogula

Akulu a ku Katete amasimba kuti kale munthu asanalandire shileni anayamba waigwetsa pamwala. Ikalira bwino anaimanga pansonga ya nsaru, ikagonthera anaibweza. Ndalama za masiku amenewo, za ku Britain ndi za ku Southern Rhodesia, zinalidi ndi siliva m'kati mwace. Koma mu 1947 maiko onse awiri anayamba kusula shileni ndi mkuwa wosanganiza ndi nikelo. Nkhope ya Mfumu inakhala yomweyo, koma siliva anacoka. Kwacha inadza mu 1968, ndipo inanka nionda, kufikira mu 2013 Boma linafafaniza maziro atatu, K1,000 nisanduka K1. Nkhalamba imene inakwirira thukuta lace m'nkhali inaberedwa popanda mbala yoboola nyumba.

Cifukwa cace alipo ena amene amati siliva, wosulidwa kapena wa mipiringidzo, aloledwe kukhala ndalama ya lamulo, ndi kuti mtengo wace utsate msika, osati nambala yodindidwapo. Dera la Utah ku America linabvomereza ndalama za golidi ndi siliva mu 2011, ndipo Zimbabwe inaturutsa ndalama ya golidi, Mosi-oa-Tunya, mu 2022. Maganizo awa si acilendo. Abrahamu pogula phanga la Makipela anamyesera Efroni masekeli 400 a siliva pa muyeso. Ndipo mau ao ali ndi mphamvu, pakuti Boma likhoza kudinda mapepala usiku umodzi, koma siliva ayenera kukumbidwa.

Tsono funso lobvuta ndi ili: adzayesa ndani? Abrahamu anayesa pa cipata ca mudzi, pamaso pa mboni zodziwa muyeso wa amalonda. M'mitsinje ya ku Vubwi anyamata amasefa golidi tsiku lonse m'matope. Wogula afika ndi kasikelo kace, ali ndi foni yomuuza mtengo wa ku London, ndipo mnyamata ali ndi njala yace yokha. Golidiyo ndi weniweni, koma malondawo angathe kukhala onyenga. Mlimi wa ku Sinda amene anaona thumba lace la nsawa likupepuka pa sikelo ya mwini galimoto adziwa kale nkhani imeneyi. Nambala yodindidwa, ngakhale yofooka, mkazi wamasiye aiwerenga monga aiwerengera mwini sitolo. Kulemera kwa citsulo ndi kuyera kwace adziwa ndi mmodzi yekha wa awiriwo.

Ndiponso msika sukhazikika. Mu Januwale 1980 aunsi ya siliva inayandikira madola 50, ndipo pofika kumapeto kwa Marici inagwa kufikira madola 11. Pakhale munthu wobwereka kwa mlamu wace ndalama 10 za siliva zogulira feteleza mu Novembala, nalonjeza kubweza atakolola. Mu Juni siliva wakwera kawiri, cimanga ai. Mlamu afuna ndalama 10 zimene anapereka, ndipo sanama. Wobwereka ati matumba 20 amene akadabweza nao ngongole asanduka 40, ndipo iyenso sanama. Pamene anapangana palibe mmodzi anachula ngati abweza citsulo kapena mtengo wa feteleza, pakuti pacibale sacurukitsa mau. Mlandu ufika kwa anyakwawa, ndipo mlongo wa wina, amene ali mkazi wa mnzace, akhala pakati pa bwalo.