Kudandaula ndi Kung'ung'udza: Maganizo Ochokera ku Kitsiyatota

Chichewa chimasiyanitsa zinthu ziwiri zimene ambiri timaziphatikiza. Wodandaula amakhala ndi womudandaulira: pabwalo la mfumu dandaulo limatchula wolakwa ndi cholakwa chake, kenaka limadikira yankho. Wong'ung'udza alibe bwalo. Mawu ake amangozungulira m'kamwa, ndipo mukamufunsa chimene akufuna amakwiya, pakuti yankho lingamulande ntchito. Anthu oterewa amanditopetsa, ndipo achuluka pakati pa ife ophunzira, amene timatha kumaliza msonkhano wathunthu tikunyinyirika za tiyi wozizira. Komatu kutopa kwanga si chiweruzo. Funso lovuta ndi ili: ndani ali ndi mphamvu yonena kuti dandaulo la mnzake lilibe chifukwa?

Taganizirani za Kitsiyatota, malo okumbako golide pafupi ndi Bindura m'chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe. M'Chishona dzinali likutanthauza kuti mphaka wanyowa. Kumeneko makorokoza, anthu okumba golide paokha, amatsikira m'maenje pachingwe ndipo amatsuka miyala yosinja ndi mekyule, chiphe chimene chimaononga mitsempha pang'onopang'ono. Mu Novembala 2020 mgodi wakale wa Ran, ku Bindura komweko, udagumuka ndi kukwirira anthu. Munthu wa kumalo otere akanena kuti moyo wawawa, sitifunika kumupempha umboni.

M'migodi ndi m'mapulazi a dera limeneli mudagwira ntchito anthu ambiri ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique, ndipo zidzukulu zawo zikadalipo. Ashona adawapatsa dzina loti mabhurandaya, kuchokera ku mawu oti Blantyre. M'chaka cha 2001 lamulo la unzika la Zimbabwe lidasinthidwa: munthu amene makolo ake adabadwira kunja adayenera kukana unzika wa dziko la makolowo, ngakhale kuti mwiniwake sadapondeko phazi. Ambiri adasanduka alendo m'dziko limene mchombo wawo udagwera, ndipo adalephera kuvota pachisankho cha 2002. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo adabwezera unzika kwa obadwira ku Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC. Pazaka zonsezo dandaulo lawo lidali ndi zonse zimene bwalo limafuna, koma kwa amene adali ndi mphamvu lidamveka ngati phokoso la alendo osayamika. Mawu oti "palibe chifukwa" kawirikawiri amachokera kwa amene thumba lake lingapepuke chifukwacho chitavomerezedwa.

Kodi ndiye tisiye kudzudzula ong'ung'udza? Ayi ndithu. Nkhani ya mabhurandaya ikukulitsa mlandu wawo. Makutu a anthu ali ngati chikhatho cha mlimi: akakhudzidwa kwambiri amachita zikang'a. Aliyense amene amalira popanda chomupweteka amaphunzitsa omvera kuti kulira n'chizolowezi chabe, ndipo wolipira ndi uja amene enje lamugumukira. Amapatsanso olamulira chodzikanira, pakuti n'kosavuta kusonkhanitsa madandaulo onse m'dengu limodzi ndi kuwataya pamodzi.

Miyambi ya zinenero ziwirizi ikuoneka ngati yosemphana. Ashona amati mwana asingachemi anofira mumbereko, ndiko kuti mwana wosalira amafera kumbuyo kwa mayi ake. Ife timati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imfotere yekha. Mwambi woyamba ukulangiza wovutika, wachiwiri ukulangiza womvera, ndipo chondichititsa chidwi n'chakuti ngakhale wachiwiriwu sukunena kuti mwanayo atsekedwe pakamwa. Ukuti mumsemere. Kholo limamvera kaye, limayankha, ndipo kufota kwa nyangayo ndiko kumaonetsa kuti kulirako kudalibe maziko. Amene amadana ndi ong'ung'udza nthawi zambiri amalumpha ntchito yosemayi, naweruza asadamve. Zidzukulu za anthu a ku Nyasaland zidadikira zaka 12 kuti wina atenge kasemasema.