Za Kulengeza Tsoka ndi Kusonkha Mphatso

Tilingalire pamodzi za mwambo umene walowa m'midzi mwathu pamodzi ndi lamya za m'manja. Pakagwa tsoka kwina, kapena njala kapena nthenda, anthu atumizana zithunzi pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ndipo yense wakuziona agunda cala pa kacizindikilo ka cifundo, nazipitiriza kwa mnzace. Kodi osauka apindulapo kanthu, kapena tingotonthoza mitima ya ife eni?

Tisafulumire kunyoza. M'caka ca 2014 ku America kunabuka masewera odabwitsa: munthu anadzithira ndowa ya madzi oundana pamutu, nachula maina a anzace kuti acite comweco kapena apereke ndarama. Zonsezi zinali za nthenda ya ALS, imene ipha mitsempha yoyendetsa ziwalo, kufikira munthu alephera kuyenda, kumeza, ngakhale kupuma. Bungwe la ALS Association linalandira madola 115 miliyoni m'masabata owerengeka; ndipo zina za ndaramazo zinathandiza ofufuza amene mu 2016 anazindikira kambeu kobadwa nako, kochedwa NEK1, kamene kali ndi mbali pa nthendayo. Mankhwala ociritsa sanapezekebe, koma nchito inayenda. Taonani kuti pamenepo munthu anaitanidwa ndi dzina lace, nauzidwa cocita, ndipo nkhokwe yolandira mphatso inali yomangidwa kale.

Nkhani ya Joseph Kony inayenda mwina. Mu 2012 bungwe la Invisible Children linaturutsa kanema wonena za munthu ameneyu, amene ankhondo ace anaba ana ambiri kumpoto kwa Uganda. Asanathe masiku 7 kanemayo anaonedwa koposa ka 100 miliyoni. Koma Kony anali atacoka kale ku Uganda. Ndipo pamene kanemayo anaonetsedwa ku Lira, kwa eni ace a cisoni, anthu anakwiya naponya miyala. Mu 2017 asilikali a Uganda ndi a America analeka kumfunafuna, asanamgwire. A UNICEF a ku Sweden anacenjezanso anthu mu 2013 kuti tizizindikilo ta pa Facebook sitigula katemera wa mwana ngakhale mmodzi.

Nanga Mau a Mulungu atiphunzitsa ciani? Ena angati kulengeza konse ndiko kuomba lipenga kumene Ambuye anadzudzula pa Mateyu 6. Iai, pamenepo adzudzula wofuna ulemu wa iye yekha, si wocenjeza mudzi kuti nyumba ya mnansi irinkupsa. Paulo mtumwi mwini wace anabukitsa umphawi wa oyera mtima a ku Yerusalemu. Werengani 2 Akorinto 8 ndi 9. Anauza a ku Makedoniya za cangu ca Akorinto, ndipo mbiriyo inautsa ambiri kuti apereke, ngakhale anali aumphawi. Koma Akorinto aja, amene anayamba kubvomera ndi pakamwa, caka cinapita asanatsirize. Mwa ici Paulo anaopa kuti angacite manyazi, iye ndi iwo omwe. Sanakhulupirire mbiri yokha. Anatuma Tito, ndi mbale wina wosankhidwa ndi Mipingo, kuti pasakhale wonena kuti cuma cinatayika m'njira. Ndipo anali atawalangiza kale kuti yense apatule kanthu tsiku loyamba la sabata, monga anapindula. Mtima wa munthu ufunda msanga ngati moto wa mapesi, ndipo Paulo anadziwa ici bwino lomwe.

Ife tinaona zithunzi za Chilobwe ndi za Phalombe mu 2023, pamene namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ndi anthu omwe. Tinazituma kwa abale athu a ku Johannesburg, ndipo tinacita bwino, pakuti ena anamva napereka. Koma tidzifunse yense mumtima mwace ngati lichero limodzi la cimanga linaturuka m'nkhokwe yace.

Cotero mbiri ya tsoka ikafikanso pa lamya, muyambe mwafunsa kuti wolandira ndani, ndipo adzawerengera pamaso pa yani. Pakuti alipo onyenga amene apempha ndi zithunzi za ana a eni. Mukatero, muuze akuru a Mpingo tsiku la Mulungu lomwelo, kuti asankhe awiri okhulupirika, wina wolemba ndi wina wosenza.