Mdzukulu Kapena Mfiti? Funso kwa Olemba Nthano za Upandu ku Joni

Pa chikhalidwe chathu pali anthu a mitundu iwiri amene amadya chifukwa choti munthu wamwalira. Oyamba ndi adzukulu. Iwowa amalawirira kumanda ndi makasu, nakumba dzenje, nanyamula chitanda, ndipo nsima imawapeza komweko. Amadya, amaseka, nthawi zina amaselewula ngakhale anamfedwa, koma palibe amene amawaloza chala, pakuti aliyense amadziwa kuti popanda iwo malemu sangagone. Achiwiri ndi mfiti, zimene anthu amakhulupirira kuti zimabwera usiku kudzafukula mtembo womwewo. Onsewa amakhuta pa maliro amodzi, koma mdzukulu amadya akutumikira wakufayo pamene mfiti imadya wakufayo.

Ndayamba ndi fanizoli chifukwa ndikufuna kufunsa za mlembi amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi kulemba nthano za kuphana, umbanda ndi kufufuza milandu, makamaka mumzinda wa Johannesburg, umene ife timautcha Joni. M'chaka cha 2022/23 apolisi a ku South Africa analemba milandu ya kupha yoposa 27,000, ndipo masauzande angapo mwa milanduyi anachitika m'chigawo cha Gauteng, momwe muli mzindawu. Kumalo kotere, imfa imene mlembi akupeka m'mawa ikhoza kufanana ndi imene yachitika usiku kuseri kwa mpanda wake. Kodi munthu amene amapeza ndalama ndi dzina pa imfa zoterezi tiziti ndi mdzukulu kapena mfiti?

Tsiku la mlembi

Tisanaweruze, tione kaye ntchitoyo. Owerenga ambiri amaganiza kuti nthano ya upandu imabadwa m'mutu mokha, koma nthawi yambiri ya mlembi wakhama imathera pa zinthu zosasangalatsa. Amakhala pa benchi m'bwalo lalikulu la milandu la mu Pritchard Street kuyambira m'mawa, kenaka n'kumva kuti mlandu waimitsidwa chifukwa mboni sinabwere kapena womasulira palibe. Amafuna kudziwa mmene fayilo ya mlandu imayendera kuchoka kwa wapolisi kufika kwa woimira boma, ndi pamene imasowera. Amachonderera wapolisi wopuma pantchito kuti amufotokozere zimene amayamba kuona akalowa m'chipinda momwe mwafera munthu. Amafunsa dokotala woyeza mitembo kuti thupi limauma patapita nthawi yotani. Amasunga zidutswa za The Star, Sowetan ndi Daily Sun. Popeza mabuku okha kawirikawiri salipira lendi, ambiri amalemba m'bandakucha asanapite kuntchito ina, kapena usiku ana atagona. Pamapeto pake mkonzi amabweza zolembazo ndi pempho lodziwika: mtembo uoneke msanga, owerenga asatope.

Pempho limeneli ndi pamene pagona vuto. Mlembi amafika poyang'ana chisoni cha anthu monga mmisiri amayang'anira matabwa. Mayi akamalira m'bwalo la milandu, iye amamva chisoni, koma mbali ina ya mutu wake imakhala ikusunga mmene mayiyo wagwirira mpango, kuti ikagwire ntchito m'mutu wachitatu wa buku. Sitinganene kuti izi n'zachilendo, chifukwa namwino, wapolisi ndi mdzukulu amene, onse amaphunzira kuumitsa mtima kuti ntchito itheke. Kuuma mtima pakokha si mlandu. Funso ndi lakuti kuuma mtimako kukutumikira yani.

Amuna awiri a Drum

Mbiri ya Joni ili ndi zitsanzo zotithandiza. M'zaka za m'ma 1950 magazini ya Drum inasonkhanitsa alembi achikuda achinyamata, ambiri mwa iwo ozolowera moyo wa ku Sophiatown, dera limene boma la tsankho linayamba kusamutsa anthu ake mu February 1955. Mmodzi mwa alembiwa anali Arthur Maimane, amene mu 1953, pogwiritsa ntchito dzina loti Arthur Mogale, anayamba kulemba nthano za wofufuza milandu wachikuda wotchedwa O. Chester Morena, kapena kuti The Chief. Kalembedwe kake anakatengera ku nthano ndi mafilimu a ku America, amenenso zigawenga za ku Sophiatown zinkatengerako kavalidwe ndi mayina. Nthanozi zinali zosangalatsa, zotuluka mwezi ndi mwezi kuti magazini igulidwe. Komabe sitiyenera kuzipeputsa. M'dziko limene munthu wakuda ankaoneka m'nkhani za upandu monga wakuba kapena mtembo basi, kumuika kukhala mwini nzeru amene akumasula mlandu kunali kubwezera ulemu pamene unalandidwa.

Mnzake wa pa ofesi yomweyo, Henry Nxumalo, amene ankatchedwa Mr Drum, anatenga njira ina. Mu 1952 anaulula nkhanza za m'minda ya mbatata ku Bethal, komwe antchito, ena mwa iwo ochokera ku Nyasaland, ankakwapulidwa ndi kutsekeredwa ngati akaidi. Mu 1954 anadzimangitsa dala kuti alowe m'ndende ya Number Four, nalemba zimene anaona, pamene Bob Gosani anajambula akaidi akuvinitsidwa ali maliseche pofufuzidwa. Patapita zaka zochepa, Nxumalo anabayidwa mpaka kufa ali mkati mofufuza nkhani ina. Lero pamalo a ndendeyo pali Constitution Hill, pomwe khothi lalikulu loona za malamulo a dzikolo linatsegulidwa mu 2004.

N'kosavuta kunena kuti Nxumalo anali mdzukulu weniweni ndipo Maimane ankangogulitsa zokoma. Koma kuganiza kotere n'kolakwika. Nkhani za Nxumalo nazonso zinkagulitsa magazini, ndipo eni ake ankadziwa zimenezo. Nthano za Maimane nazonso zinkanena zoona za mzinda umene apolisi ake ankatanganidwa ndi mapasi m'malo moteteza anthu. Choncho malire sali pakati pa nkhani yoona ndi nthano yopeka, ndiponso sali pakati pa wolipidwa ndi wosalipidwa. Mdzukulu naye amadya. Tiyenera kuwafuna pena malirewo.

Pamene wakupha afuna mlembi

Chitsanzo chimene chimaonetsa bwino malirewa ndi cha Moses Sithole. Pakati pa 1994 ndi 1995 munthuyu anapha amayi ambiri m'madera a Atteridgeville, Boksburg ndi Cleveland, atawanyenga kuti akawapezera ntchito. Mu 1997 khothi linamupeza wolakwa pa milandu 38 ya kupha ndi 40 ya kugwirira, ndipo linamugamula zaka 2,410. Chimene tiyenera kuchisunga apa ndi chakuti asanagwidwe, Sithole anaimbira foni mtolankhani wa The Star kuti alankhule za ntchito zakezo. Kupha kokha sikunamukwanire. Ankafuna wina woti amulembe.

Angela Makholwa, amene anayamba ngati mtolankhani, wakhala akufotokoza poyera kuti anakumanapo ndi Sithole kundende, pamene mkaidiyo ankafuna kuti mbiri yake ilembedwe. Mbiriyo sanailembe. M'malo mwake, mu 2007 anatulutsa nthano yaitali yotchedwa Red Ink, momwe mayi wina wa ku Joni, Lucy Khambule, akupemphedwa ndi wakupha womangidwa kuti alembe za moyo wake, ndipo pang'onopang'ono akukodwa mu msampha wa munthuyo. Kwa ine, kusankha kumeneku kuli ndi phunziro. Makholwa sanabise kuti mlembi amakopeka, kuti amafuna dzina ndi ndalama, ndi kuti wakupha amadziwa kufooka kumeneku. Anatenga chiyeso chimene anakumana nacho n'kuchisandutsa mutu wa buku. Anamana wakuphayo chimene ankafuna, chomwe ndi chipilala cha dzina lake, naika poyera mlembi amene kuti aweruzidwe.

Komabe funso silikutha, chifukwa ngakhale ine pano ndatchula dzina la Sithole kangapo koma sindinatchule ngakhale mmodzi mwa amayi amene anawapha. Umu ndi mmene nkhani za upandu zimapendekera. Wakupha ali moyo, amalankhula, ali ndi zifukwa zimene amapereka, ndipo mlembi akhoza kukamuona Loweruka. Wophedwa sayankha mafunso. Amayi aja anadzuka m'mawa, navala zovala zawo zabwino, nabwereka ndalama ya basi chifukwa wina anawalonjeza ntchito. Nkhani yawo ndi ya ulova, ya ana odikira chakudya, ya mzinda umene umaitana anthu koma osawalandira. Kuilemba kumafuna ntchito yochuluka kuposa kukhala ndi wakupha maola awiri, pakuti mlembi ayenera kukagogoda pamakomo a anamfedwa amene ali ndi ufulu womubweza.

Wina akhoza kutsutsa kuti tikusenzetsa mlembi katundu wosakhala wake. Munthu wogula buku pa bwalo la ndege la O.R. Tambo akufuna chomuchotsa tulo, osati ulaliki, ndipo nthano yodzaza ndi maphunziro imakhala yozizira ngati phala la dzulo. Mfundoyi ili ndi mphamvu, ndipo sindikupempha kuti nthano isiye kusangalatsa. Kusangalala ndi nthano yoopsa si tchimo. Agogo athu ankatisimbira za afisi ndi zimphona usiku, ife n'kumakondwa uku tikunjenjemera. James McClure, wobadwira ku Joni mu 1939, analandira mphoto ya Gold Dagger chifukwa cha buku lake The Steam Pig la mu 1971, nthano yokoka mtima ya apolisi awiri, Kramer ndi Zondi. Koma chinsinsi cha imfa ya m'bukulo chagona pa malamulo ogawa anthu potengera khungu. Wowerenga amasangalala, ndipo potseka buku amakhala atadziwa chimene chinapha munthuyo kuposa dzanja limene linagwira chida. Akuluakulu anati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Nthano ya upandu imene imangoonetsa mnyanga wothyoka, n'kuubwereza m'mutu uliwonse kuti magazi achuluke, yasiya theka la ntchito yake.

Akufa opanda mayina

Funsoli likutikhudza ife Amalawi mwapadera. Kuyambira nthawi ya Wenela, Joni wakhala akumeza abale athu, ndipo mawu oti matchona sanabwere pachabe m'chiyankhulo chathu. Mu May 2008 ziwawa zolimbana ndi anthu obwera zinayambira ku Alexandra ndipo anthu 62 anaphedwa. Dziko lonse linaona chithunzi cha munthu akupsa ndi moto ku Ramaphosa, kum'mawa kwa Joni, koma panapita masiku anthu asanadziwe kuti dzina lake ndi Ernesto Nhamuave, wa ku Mozambique. Kupatula imfa zotchuka chonchi, m'nyumba zachisoni za boma ku Gauteng mumakhala mitembo imene palibe wobwera kudzaizindikira, ndipo ina imakaikidwa ndi boma kumanda a Olifantsvlei. Ambiri mwa anthuwa amaganiziridwa kuti ndi obwera opanda zikalata. Kwinakwake ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Angonia kuli mayi amene akuganiza kuti mwana wake anangoleka kuimba foni.

Imeneyi ndiyo milandu yeniyeni yosamasulidwa ya mzindawu, koma m'nthano zambiri munthu wotere amaoneka pa tsamba limodzi: mlonda wopezeka atafa pageti, wantchito wa m'munda amene apolisi ayamba kumukayikira, mlendo wopanda dzina. Phaswane Mpe, m'buku lake la mu 2001 lotchedwa Welcome to Our Hillbrow, anasonyeza mmene mphekesera zokhudza obwera zimaweruzira anthu mlandu usanamveke. Ngakhale bukulo si nthano ya wofufuza milandu, likupereka chenjezo kwa onse olemba za upandu: mlembi amene amangotola zimene mzinda umanena kale za yemwe ndi wakuba, amathandiza kusonkhezera moto umene udzawotche munthu weniweni.

Pa maliro a kwathu, bokosi lisananyamuke, mwini mbumba amaimirira n'kufotokoza kuti malemu anali yani, anabadwa kwa yani, wasiya ana angati, ndipo chamutenga n'chiyani. Anthu sabalalika asanamve zimenezi. Ndikuona kuti apa ndi pamene pali muyeso wa mlembi wa nthano za upandu. Sitingamuletse kudya, ndipo sitingamuletse kutisangalatsa. Koma tikhoza kufunsa kuti maola ake a pa benchi ya khothi, mafoni ake kwa madokotala ndi kudzuka kwake m'bandakucha zathera pa yani. Ngati potseka buku tikudziwa chakudya chimene wakupha amakonda koma sitikudziwa kumene wophedwa ankapita m'mawa umenewo, mlembiyo wadya mtembo. Ngati wophedwayo wabwezeredwa dzina, mudzi ndi anthu omulira, ngakhale akhale munthu wopeka, mlembiyo wagwira ntchito ya udzukulu, ndipo nsima yake adye ndi mtima woyera.

Chovuta n'chakuti chisankhochi sichichitika kamodzi. Chimabwera tsiku lililonse, pa ndime iliyonse, pamene mkonzi akudikira ndipo lendi yayandikira: kuwonjezera bala lina pa mtembo, kapena kuwonjezera mzere umodzi wonena za mwana amene akudikira pakhomo. Ophunzira athu amene akufuna kulemba za Joni, za Chilobwe kapena za msewu wa ku Mwanza adzakumana ndi chisankho chomwechi, ndipo ndi bwino achidziwe asanatole cholembera.