Cilumba cimene cinaletsa kubadwa ndi kufa

Mwana wa mlongo wanga amagwira nchito pa hotela ina ku Mykonos, cimodzi mwa zilumba za dziko la Greece. Nditapita kukamuona, tsiku lina anandiuza kuti, "Malume, mawa mulawire, ndikakuonetseni mudzi wopanda anthu." Tinakwera boti m'mawa, ndipo patatha theka la ola tinatsika pa Delos.

Delos ndi kacilumba ka miyala ndi udzu wouma, kotalika pafupifupi makilomita 5. Amene munafikako ku Likoma, dziwani kuti Likoma ndi wamkulu kasanu. Palibe mudzi. Amagonapo ndi alonda ndi akatswiri ofukula zakale basi, ndipo mlendo aliyense ayenera kubwerera ndi boti dzuwa lisanalowe. Koma bwinja lake ndi la mzinda wathunthu: misewu, zitsime, bwalo la masewero, makoma a nyumba za anthu olemera, ndi mzere wa mikango yosema imene anthu a ku Naxos anapereka kwa mulungu wawo Apollo ca m'ma 600 Yesu asanabadwe. Afalansa anayamba kufukula malowa m'zaka za m'ma 1870, ndipo mu 1990 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika kusungidwa padziko lonse.

Ine ndinakulira kumudzi, ndiye ndikafika pabwinja maso anga amayamba afunafuna msitu wa manda. Ndinakwera kaphiri ka Kynthos n'kuyang'ana mbali zonse, koma sindinaone ciliconse cooneka ngati manda. Ndinafunsa mayi amene ankationetsa malo kuti eni mzindawu ankaikidwa kuti. Iwo analoza tsidya la madzi, pa cilumba cina capafupi, dzina lake Rheneia.

Nkhani yake ndi iyi. M'caka ca 426 Yesu asanabadwe, mliri utapha anthu ambiri ku Athens, akuluakulu a mzinda umenewo, amene ankalamulira Delos, anaganiza zoyeretsa cilumba ca Apollo. Anafukula manda onse, nanyamula mafupa ndi mbiya zimene anaika nazo akufawo, n'kukazithira m'dzenje limodzi ku Rheneia. Kenaka anaika lamulo lakuti pa Delos pasabadwe munthu, pasafenso munthu. Mayi akatsala pang'ono kucira, ankamukweza m'bwato n'kumuwolotsa. Wodwala akayamba kutha mphamvu, naye ankamuwolotsa. Wolemba mbiri Thucydides, amene anali moyo nthawi imeneyo, analemba zimenezi, ndipo mbiya za m'dzenje lija ndinaziona ndi maso anga m'nyumba yosungiramo zakale ku Mykonos.

Codabwitsa n'cakuti cilumbaci cinakhala copatulika cifukwa ca kubadwa kwa mwana. Nthano ya Agiriki imati Leto, mayi wa Apollo ndi Artemis, ali ndi pakati anayendayenda kufuna pocirira, koma maiko onse anamukana poopa mkwiyo wa Hera, mkazi wa Zeus. Kacilumba kosauka aka kokha ndi kamene kanamulandira, ndipo anacira atagwira mtengo wa kanjedza. Ulemu wonse wa Delos unacokera pa kulandira mayi wapakati amene aliyense anamutsekera citseko. Patapita zaka, olambira mwana wa mayi uja anayamba kuthamangitsa amayi apakati.

Wotionetsa malo uja anatitengeranso kudoko. M'caka ca 167 Yesu asanabadwe, Aroma analamula kuti amalonda asamalipire msonkho pa Delos, ndipo anthu a malonda anakhamukirapo kucokera ku Italy, ku Syria ndi ku Egypt. Katundu wamkulu pamsikapo anali anthu. Strabo analemba kuti dokoli linkatha kulandira ndi kutumiza akapolo 10,000 tsiku limodzi. Ngakhale titati anakokomeza n'kucotsapo theka, otsalawo ndi ambiribe. Ife amene makolo athu ena anawayendetsa m'magoli kupita ku Quelimane ndi ku Ilha de Moçambique sitifuna wotimasulira za msika wotere. Lamulo la kuyera lija linali likugwirabe nchito. Magazi a mayi wocira ankadetsa nthaka ya Apollo, koma misozi ya mwana wogulitsidwa sinkaidetsa.

Funso limene ndinabwera nalo kumudzi ndi ili: kodi malo amayera pocotsapo ciani?

Ndisafulumire kuseka Agiriki, pakuti nafenso tili ndi malamulo ofanana nawo. Mayi akacira amakhala m'cikuta mpaka mcombo wa mwana utagwa, ndipo si aliyense amene amalowamo. Manda timaika kumsitu, kunja kwa mudzi. Adzukulu akamaliza nchito amasamba asanagwire cina ciliconse. Acipatala nawo amapatula wodwala kolera, ndipo amalangiza kuti wa cifuwa cacikulu azigona m'cipinda copita mphepo, cifukwa matendawa amafala potsokomola. Kubadwa ndi imfa ndi zinthu zolemera, ndipo anthu kulikonse anaziikira malire. Kupatula pakokha si kulakwa.

Koma taonani kusiyana kwake. Cikuta cili pakati pa mudzi. Azamba amalowamo, anakubala amaphika phala, amatunga madzi, amasonkha moto, ndipo tsiku lotulutsa mwana mudzi wonse umasangalala. Kumanda timaperekeza tonse, timabwererako kukalambula, ndipo mwana aliyense amadziwa pamene pagona agogo ake. Timapatula munthu n'kumutsatira komweko. Pa Delos anapatula kuti asaone. Pali kupatula koteteza wofookayo, ndipo pali kupatula koteteza maso a anthu amphamvu. Kunja zimaoneka zofanana, koma mungazisiyanitse pofunsa kuti ndani wapita naye, nanga ndani wapindula.

Pa Delos wopindula anaoneka msanga. Inu mukudziwa kuti pamlandu wa malo, mfumu imafunsa kuti, "Mcombo wako unakwiriridwa kuti? Manda a makolo ako ali kuti?" Munthu amene sanabadwire pamalo, ndipo alibe manda pamenepo, pakamwa pake pamauma. Patangopita zaka 4, mu 422, anthu a ku Athens anathamangitsa eni cilumba onse ponena kuti ndi osayera, ngakhale kuti caka cotsatira anawalola kubwerera. Amene anayamba ndi kusamutsa akufa anamaliza ndi kusamutsa amoyo.

Tsopano ndinene cimene cinandikhazika pamwala ndili cete, mpaka mwana wa mlongo wanga anafunsa ngati dzuwa landipweteka. Titabwerera kuno kucokera kothawa nkhondo ku Malawi, mtendere wa 1992 utabwera, acimwene anga aakulu anayamba kudwala. Anaonda, ankatsokomola usiku wonse, ndipo anthu anayamba kunong'ona. Nthawi yomweyo cinkhoswe ca mlongo wathu wamng'ono cinali pafupi. Tinakhala pansi monga banja, ndipo ndine amene ndinanena kuti alendo akamuona wodwalayo, ukwati ungathe usanayambe. Tinakonza msasa wa kudimba, tinafolera udzu watsopano, n'kuwanyamulirako madzulo. Ndinawauza kuti kumeneko kuli mphepo yabwino. Iwo anangoti, "Ndamva, mphwanga."

Pakhomo tinasesa, tinazira, tinaphika. Alendo anadya n'kuyamikira kuti ndife banja laukhondo. Cinkhoswe citatha sitinafulumire kuwabweza, pakuti tinali titazolowera kugona osamva cifuwa. Cakudya ankapititsa ndi ana, ndipo ine ndinapitako kawiri kokha. Anamwalira usiku, ali okha, ndipo anawapeza m'mawa ndi mwana amene anapita ndi phala. Pamaliro tinalira mokweza, tinapha mbuzi, ndipo anthu ananena kuti tawaika mwaulemu.

Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti tinacita zimenezi poteteza ana ku matenda. Mwina mbali ina zinali zoona. Koma cikanakhala cifukwa cokhaco, bwenzi nditapita nawo kucipatala, bwenzi ndikugona pakhomo pa msasa uja. Cimene ndinkateteza cinali dzina la banja. Dimba lathu linali Rheneia wathu, ndipo bwato ndinapalasa ndine.

Ena adzati munthu ali ndi ufulu wosunga ulemu wa nyumba yake, ndipo mlongo wathu naye anali ndi tsogolo lofunika kulisamala. Sindikutsutsa, ndipo ukwati wake ulipo mpaka lero. Koma ulemu umene tinaugula unalipiridwa ndi munthu mmodzi amene analibe mphamvu yokana. Umu ndi mmene kuyera kotere kumakhalira nthawi zonse: sikuthamangitsa wamalonda wolemera, kumathamangitsa amene sangathe kuyenda yekha. M'midzi mwathu muno timaziona pa gogo amene wakalamba mpaka ayamba kumunena ufiti, pa mwana wolumala amene amatsekeredwa m'nyumba kukabwera alendo, pa mtsikana wotenga pakati ali pasukulu amene amatumizidwa kwa azakhali ake tsidya la malire kuti anthu asaone. Nthawi yomweyo wobera anthu pasikelo pogula cimanga timamupatsa mpando wakutsogolo.

Delos sanapulumuke ndi kuyera kwake. M'caka ca 88 Yesu asanabadwe, asilikali a mfumu Mithridates anapha anthu zikwizikwi pacilumbaci, ndipo mu 69 acifwamba a panyanja anabwera kudzaononga zotsala. Amalonda anasamukira kumadoko ena, ndipo pang'ono ndi pang'ono mzinda unasanduka bwinja. Sindikunena kuti cinali cilango, pakuti mizinda yabwino nayo imagwa. Ndikungonena zimene ndinaona: lamulo la 426 lija tsopano likusungika bwino lomwe. Palibe mwana wolira, palibe maliro, pali abuluzi okha akuwothera dzuwa pamiyala. Mudzi wopanda cikuta ndi manda, dzina lake ndi bwinja.

Akuluakulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Tonsefe tinafika padziko pano tili m'magazi, wina n'kutisambitsa, ndipo tonse tidzafuna wotitembenuza pamphasa. Cotero pakakhala cifukwa ceniceni copatula wodwala, mupatuleni monga acipatala anenera, koma wina wa inu anyamule mphasa yake apite naye. Nditabwerako ku Greece ndinapita kudimba kuja. Msasa unagwa kalekale, ndipo pamalopo mlamu wanga anadzalapo kabichi. Ndinaimapo kanthawi, kenaka ndinapita kumsitu ndi khasu kukalambula manda a acimwene.