Kathumba Kosunga Mtima

Kuwerenga: Miyambo 4:23; Yohane 19:31-37



Caka ciliconse ndikafika pa phunziro la mtima ndi ana anga a kusekondale, ndimapita kubucala pa msika wa Northmead kukagula mtima wa mbuzi. Ndimapempha wogulitsa kuti asacotse kathumba koukuta. Iye amaseka nati, "Amai, aka n'ka agalu." Koma ine ndimafuna komweko, pakuti Mulungu anaika mtima wa munthu aliyense m'kathumba kotere. Madokotala amati pericardium.

Kunja kwace kuli cikopa colimba. Pansi cinamangiriridwa ku mnofu wopumira umene ulekanitsa cifuwa ndi mimba, kutsogolo ku fupa la pacifuwa, kuti mtima ukhale pamalo pace. Cimachinganso matenda ocokera m'mapapo. M'kati muli nembanemba ziwiri zosalala, ina yomatirira ku thumba, ina ku mtima weniweni. Pakati pa ziwirizi pali timadzi ta mamililita 15 kufikira 50, tikacuruka ngati masupuni akuru atatu. Mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, ndipo timadziti tili ngati mafuta a m'makina osokera, kuti usakhulike. Taonani nzeru za Mlengi!

Koma cimene cimasunga mtima cikhozanso kuupha. Mng'ono wanga wa ku Chelstone anayamba kupuma mobanika, mapazi kutupa, usiku kugona cokhala. Tikamfunsa ankati, "Ndili bwino akulu, n'kutopa cabe." Tsiku lina anagwa pocapa. Kucipatala anapeza kuti cifuwa cacikuru ca TB cinalowa m'kathumbako, ndipo kuno kwathu ku Africa ndico cimadzaza madzi m'menemo koposa matenda ena. Anamcotsa ndi singano madzi pafupifupi lita imodzi, namwa mankhwala miyezi 6. Lero ali moyo, Mulungu alemekezeke.

Adokotala anandiuza kuti madzi akabwera pang'onopang'ono thumba limatambasuka, munthu nazolowera, kufikira mtima usowa malo ogundira. Kwa ena thumbalo limauma ngati cigoba, nilifinya mtima, ndipo limacoka ndi opaleshoni basi.

Amai mnzanga, kodi si momwe tilili ambiri a ife? Timabwera ku Cigwirizano titabvala yunifomu yoyera, tikuimba ndi kumwetulira. M'katimu madzi alikukwera: nkhanza za m'banja, ngongole ya kaloba, mwana wolowerera, mau amene mlamu anatinena pamaliro. Tinalangizidwa kuti mkazi ndi kupirira, ndipo kupirira n'kwabwino. Koma kubisa bala si kupirira. Ine ndemwe ndinasunga cakukhosi ndi mnzanga wa mumpingo zaka zitatu, ndikumati ndikudziteteza. Mtima wanga unauma, ngakhale pemphero linkandilemera. Ndinamasuka tsiku limene ndinagogoda pakhomo pace.

Miyambo 4:23 itilangiza kusunga mtima koposa zonse, cifukwa moyo ucokera m'menemo. Kusunga sikutanthauza kutsekera zonse m'kati. Kathumba kabwino kamachinga zoipa, komabe kamasiyira mtima malo.

Yohane anaona msilikali akulasa Yesu m'nthiti ndi mkondo, ndipo munaturuka mwazi ndi madzi. Mu 1986 dokotala wina ndi anzace, polemba za imfa ya Yesu m'magazini ya JAMA ku America, anaganiza kuti madziwo anali a m'thumba la mtima ndi a m'mbali mwa mapapo. Cimene ife tidziwa ndi ici: Mpulumutsi wathu sanatibisire kanthu. Anabooledwa kuti ife timasuke.

Cotero ndikupemphani ziwiri. Coyamba, ngati mukubanika, mukutupa mapazi, kapena cifuwa cikupweteka nicilekako mukakhala coweramira kutsogolo, pitani kukiliniki msanga. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo kupimitsa si kusowa cikhulupiriro. Caciwiri, sabata ino pezani mai mmodzi wosunga cinsinsi, mumuuze cimene cikukufinyani, mupemphere pamodzi. Ndipo inu wouzidwa, nkhaniyo ithere pa inu ndi Mulungu.

Tipemphere: Atate, Inu amene munakuta mitima yathu tisanabadwe, cotsani madzi obisika, fewetsani pamene pauma, ndipo mtendere wanu utisunge mwa Kristu Yesu. Amen.