Wamisala Anaona Nkhondo

Makolo athu anatisiyira mwambi uwu kuti tisapeputse mawu a munthu chifukwa cha matenda ake. Tsono tidzifunse: pamene anthu ophunzira akonza njira zosamalira odwala misala, kodi nkoyenera kuti odwalawo akhale nawo pa upo?

Pali nthenda ina imene madokotala aitcha schizophrenia. Wodwala amamva mawu amene ena sakuwamva, amaopa adani amene kulibe, ndipo maganizo ake amasokonezeka. Mu 2022 bungwe la World Health Organization linati munthu 1 mwa anthu 300 alionse ali nayo. Potero musayese kuti midzi ya kwa Kuntaja inalambalalidwa.

Mu 1910 odwala otere anayamba kusungidwa ku ndende ya Zomba, ndipo chipatala chao chinatsegulidwa mu 1953. Masiku amenewo wodwala anali wongolamulidwa. Kodi mtima umenewo unatha mwa ife? Mbale wathu akadwala ku Chileka kapena ku Lirangwe, timapita naye ku Gulupu, nitimuyankhira mafunso onse ngati iye mwini palibe.

Koma ilipo njira ina. Pa kafukufuku wotchedwa PROMISE, wa sukulu za ukachenjede za Kamuzu ndi Edinburgh, m'maboma a Chiradzulu ndi Salima, anthu amene anadwalapo anaitanidwa kuti athandize kukonza ntchitoyo.

Wina adzati: munthu wosokonezeka mutu angapereke bwanji uphungu? Funsoli nlolemera. Nzoona kuti nthenda ikakula wodwala angakane mankhwala omupulumutsa, ndipo pamenepo abale ndi madokotala ayenera kumuteteza. Komabe nthendayi imakula ndi kuchepa. Ikachepa, ndani adziwa kuposa iye kulemera kwa thupi kumene mankhwala amadzetsa, kapena manyazi a kumangidwa zingwe ana ake akuona? Dokotala adziwa nthenda. Kudwala kwake akudziwa ndi wodwala.

Tichenjerenso ndi chinyengo. Kufunsa munthu titatha kale kugamula ndiko kumunyoza kawiri. Kufunsa koona nkumene kumatisinthitsa zimene tinakonza, ndipo kumamsiyira ufulu wokana.

Inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, mukakayendera banja lotere, yambani mwampatsa moni wodwalayo, mumtchule dzina, mumfunse chimene chimamthandiza. Akachedwa kuyankha, dikirani. Nzeru zake zingadwale, koma umunthu wake sudwala.